Pasipoti Yanga ndi Mpando wa a Dokotala

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi che Jafali, dalaivala wa ku Mangochi yemwe ankayendetsa basi ya ogwira ntchito pachipatala chomwe abwana anga, a Dokotala Nangozo, ankagwirako. Linali Lachiwiri m'mawa, m'chaka changa cha khumi ndi chimodzi ku Dubai. Ndinali nditangokweza ana basi ya sukulu pansi pa nyumba yathu m'dera la nyumba zosanja lotchedwa JLT, ndiye ndinangomva hutala kumbuyo kwanga.

"Chemwali Eliza, mwamva? Madamu anu akwera! Boma lakumudzi lawasankha kuti akhale m'khonsolo yolangiza za maphunziro a madokotala ndi anamwino."

"Ndiye kuti tikubwerera kumudzi?"

"Ayi, azingopita kumisonkhano n'kumabwerako. Komatu sanalowe. Mayina amapita kaye kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo, awafunse mafunso, akakhutira ndiye avomereze. Inshallah zitheka."

Ndinakweza manja pomwepo n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino. Sindinadziwe kuti pakati pa a Dokotala ndi mpando umenewo padzaima ine, mayi wolekezera Sitandade 6. Ana anga, Chisomo ndi Madalitso, nkhaniyi mwakhala mukuimva zidutswazidutswa. Pano ndapuma ntchito, ndiye ndati ndiilembe yonse kuti adzukulu adzaipeze ili yathunthu.

Chaka choyamba: ku DIP

Ndinachoka ku Ntcheu chifukwa bambo anu matenda a shuga anali atawafoola, khasu silinkathekanso. Ntchito yanga yoyamba inali ya kampani yokolopa m'nyumba zosungiramo katundu ku Dubai Investments Park, komwe tonse tinkangoti ku DIP. Tinkagona amayi asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikiza, Amalawi atatu, ena a ku Uganda ndi a ku Nepal. Mbaula yophikira inali imodzi pakhonde lonse, moti ukachedwa pamzere unkadya buledi ndi tiyi basi. Makina oziziritsa mpweya akafa, ndipo ankafa kawirikawiri, tinkanyowetsa zitenje n'kufunda. Kapitawo wathu anali munthu wosadziwa kulankhula pang'onopang'ono. M'mawa "yalla, yalla," masana "jaldi, jaldi," ndipo ine mawu oyamba achilendo amene ndinaphunzira onse anali otanthauza kuti fulumira.

Chinthu chimodzi ndichitchule pano chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Pasipoti yanga ndinaigwira masiku atatu okha. Titangotsika ndege, ejenti amene anatibweretsa anasonkhanitsa mapasipoti onse m'jumbo n'kukapereka ku ofesi ya kampani. Nditafunsa mnzanga wina wa ku Chipata amene anali atakhalitsa, anaseka nati, "Amama, kuno n'momwemo. Pasipoti amasunga ni abwana. Imwe mufuna muyende nayo kuti?" Ndinaona kuti ndi mwambo wa kuno, ngati mmene kwathu mlendo amasiyira njinga pakhomo pa mwini nyumba. Sindinadziwe kuti ngakhale lamulo la dzikolo silinkalola zimenezo.

Nthawi imeneyo tsiku lopuma linali Lachisanu. Tinkakwera basi kupita ku Satwa, komwe Amalawi tinkasonkhana kupemphera m'chipinda cha mayi wina pamwamba pa sitolo ya matelala. Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi a Dokotala. Anabwera atabereka mwana, wina atamugwira padzanja, maso ali ofiira ndi tulo. Mapemphero atatha ananena kuti akufuna mayi wakumudzi woti azilera ana awo, Tadala ndi Yankho, kuti asakule osadziwa Chichewa. Yankho, khandalo, anali akulira. Ndinamutenga n'kumuika kumsana, ndipo anagona. A Dokotala anandiyang'ana nati, "Anti, mayeso mwakhoza kale."

Chaka chachiwiri: ku JLT

Mapepala atasinthidwa, pasipoti yanga inachoka m'dirowa ya kampani n'kulowa mu sefa ya kuchipinda kwa a Dokotala. Ejenti ndiye anawauza, ine ndili pomwepo, kuti aisunge iwo chifukwa wantchito akathawa mlandu umagwera bwana. Palibe anaona cholakwika, ngakhale ine amene.

Tinkakhala pamwamba kwambiri, moti sabata yoyamba sindinkayandikira zenera. Ndinali ndi kachipinda kanga, bafa langa, ndipo tinkadyera patebulo limodzi. A Dokotala anali wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi khumi, koma sanandiitanepo ndi dzina lokha, nthawi zonse ankati Anti. Anali dokotala wa ana, komanso ankaphunzitsa achinyamata ophunzira udokotala. Amuna awo, bambo a Tadala, ankagwira ntchito ya makompyuta ndipo ankayendayenda kwambiri. Anali munthu wa nthabwala. Ndikaphika chigwada chochokera ku Satwa ankati, "Anti, mukapitiriza chonchi ndikusiyirani kiyi wa galimoto." Ndinaphunzira makina ochapira, kukwera sitima ya metro, ndi kuyankha "shukran," kutanthauza kuti zikomo, kwa mlonda wa pageti. Ndinkathokoza Mulungu m'mawa uliwonse kuti wandiika m'nyumba ya anthu akwathu.

Chaka chachitatu: masiku anayi

Lolemba lina m'mawa iwe Chisomo unaimba foni kunena kuti bambo anu awagoneka kuchipatala, mwendo watupa ndipo sakulankhula bwino. Ndinapita kwa a Dokotala. Ndinawapeza patebulo atazunguliridwa ndi mabuku, chifukwa Lachinayi la sabata yomweyo ankalemba mayeso aakulu a ukatswiri amene anawakonzekera zaka ziwiri. Bambo a Tadala anali paulendo wa ntchito. Ndinagwada n'kunena kuti ndikupempha pasipoti, ndipite kwathu. Anatenga foni n'kukufunsa iwe mafunso angapo, mankhwala amene apatsidwa, ngati akumwa madzi. Atatha anati, "Anti, ndi shuga wakwera chabe, atsika. Anawa ndiwasiya ndi ndani? Dikirani ndilembe Lachinayi, Lachisanu ndikakukwezani ndege ndekha." Ndinati, "Madamu, mtima wanga sukundiuza bwino." Anati, "Ine ndine dokotala, Anti. Dikirani."

Ndinadikira. Ndikanatani, pasipoti ili mu sefa? Bambo anu anamwalira Lachitatu masana. A Dokotala anatsegula sefa nthawi yomweyo, koma malo m'ndege anapezeka a Lachisanu. Kumudzi thupi silikanadikira, anaika Lachinayi. Ine ndinafika Loweruka n'kupeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota. Zaka makumi awiri ndi zinayi za ukwati, osaona nkhope yawo komaliza, osaponya ngakhale kadothi m'manda.

Patatha mwezi ndinabwerera ku Dubai, chifukwa inu munali pasukulu ndipo panalibenso wina wokuthandizani. Tsiku lomwe ndinafika, a Dokotala ananditenga dzanja n'kuikamo pasipoti nati, "Iyi isadzalowenso mu sefa. Pepani, Anti." Analira, inenso ndinalira. Kuchokera apo nkhaniyi sitinaikambenso kwa zaka zisanu ndi zitatu. Mayeso aja anakhoza. Kukhululuka kunanditengera nthawi yaitali, ndipo sindinawauze tsiku limene ndinayamba kapena limene ndinamaliza. Chinthu chimodzi chokha chinatsala ngati kaminga kuphazi: ankapita kumudzi patchuthi chaka ndi chaka, koma kwathu ku Ntcheu sanafikeko kudzapepesa maliro.

Koma ndisabise zimene ndinaona m'zaka zimenezo. Ophunzira awo ankabwera kunyumba Loweruka, ine ndikuwapatsa tiyi. Chingerezi changa ndi chogulira tomato, komabe mawu ena ndinkawatola chifukwa ankawabwereza kwa gulu lililonse latsopano. Tsiku lina ndinafunsa Tadala kuti amayi ako amati chiyani pamenepa. Anati, "Amati wachibale akakuuza kuti wodwala sali bwino, usamuuze kuti adikire usanamuone wodwalayo ndi maso ako." Ndinapita kukhitchini n'kukhala pansi. Komanso ku Satwa kukabwera mtsikana wakwathu wolandidwa pasipoti, amayi ankati, "Kauzeni a Dokotala a Anti Eliza." Iwo ankaimbira bwanayo foni, kumufotokozera lamulo mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, ndipo nthawi zina ankapita okha kukaitenga.

Chaka cha khumi ndi chimodzi: kalata

Tsopano ndibwerere pa uthenga wa che Jafali. Nyumba yonse inasangalala. Pamndandanda wa osankhidwawo panali mzamba, dokotala wa mano, katswiri wa mankhwala ndi ena, ndipo a Dokotala anali okhawo okhala kunja kwa dziko. Anandifotokozera kuti khonsoloyo ndi imene imalangiza boma zoti ophunzira aziphunzira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso aziyesedwa motani asanawalole kugwira odwala. Anati, "Anti, zonse ndaphunzira kunozi ndikufuna zikagwire ntchito kwathu. Mpandowu ndaulota kuyambira kale." Anasonkhanitsa masatifiketi, kalata ya kupolisi, makalata a umboni ochokera kuntchito. Bambo a Tadala ankadziyesa phungu, akuwafunsa mafunso patebulo ndi mawu aakulu, ana akuseka. Tsiku la mafunso linafika, analankhula ndi komiti ya aphunguwo pakompyuta, ndipo anatuluka akumwetulira.

Patapita masabata awiri, mayina onse anavomerezedwa kupatula lawo. Mlembi wa komiti anawalembera kuti kwafika kalata yopanda dzina yonena kuti a Dokotala anasunga pasipoti ya wantchito wawo n'kumulepheretsa kukaika mwamuna wake, ndipo munthu wotero sangalangize dziko za kaphunzitsidwe ka anthu osamalira odwala. Komiti inkafuna kumva kwa wantchitoyo isanagamule. Amene analemba sindikumudziwa mpaka lero. Ku Satwa ambiri anandiona ndikulira chaka chija, ndiye aliyense akanatha kulemba. Ine sindinalembe, ndipo sindinatume munthu.

Loweruka m'mawa bambo a Tadala anandipeza ndikusita. Anali ndi pepala lotayipa m'Chingerezi ndi cholembera.

"Anti, pali kakalata aka. Kakungonena kuti timakhala bwino. Mungosaina apa, khalas, basi, tithane nazo."

"Bambo, mundilole ndiyambe ndapemphera."

"Pempherani, Anti, koma Lolemba ikufunika ipite."

Nthawi imeneyi tsiku lopuma linali litasintha kukhala Lamlungu. Titatuluka m'mapemphero ku Satwa, ndinakapeza che Jafali pakasitolo ka tiyi pomwe madalaivala ankakhala. Anandigulira kapu ya tiyi wa mkaka uja amati karak, n'kuvala magalasi awo omangidwa ndi ulusi. Anawerenga mwakachetechete, kenaka anakanda ndevu.

"Chemwali, zambiri ndi zoona. Akuti mumadya bwino, mumapuma, amakulemekezani. Koma apa akuti pasipoti yanu sinachokepo m'manja mwanu chibwerereni. Ndipo apa akuti maliro a amuna anu munafika pa nthawi yake."

"Werenganinso pamenepo."

Anawerenganso.

"Ndiye inu mukuti nditani, che Jafali?"

"Aaa, chemwali, ine ndine dalaivala, ndimapita komwe andiuza. Tonse kuno anatilandapo mapasipoti, ine yanga inakhala m'dirowa ya munthu zaka zinayi, ndipo iye sanapepese n'komwe. Madamu anu ndi munthu. Mukapanda kusaina, mpando wapita. Mukasaina, ndiye kuti munaponya dothi m'manda muja. Galimoto iyi chiwongolero chili ndi inu."

M'metro pobwerera ndinali ngati munthu wosenza mitolo iwiri. Ndinkaganiza za Yankho amene ndinamubereka kumsana, za ubwino wonse wa nyumba ija, za atsikana aja anabwezeredwa mapasipoti. Ndinkafuna ndi mtima wonse kuti a Dokotala alowe m'khonsolomo. Koma ndikati ndigwire cholembera, ndinkaona mulu wa dothi uja ndi nkhata zofota. Kusaina kunali kunena kuti bambo anu ndinatsanzikana nawo, pamene inu ana anga munaima pamanda paja nokha, mukuyang'ana kumsewu. Ndinatsegula Baibulo, sindinapeze vesi londiuza kuti saina kapena usasaine. Ndinangopemphera kuti, Ambuye, ndipatseni njira yoti ndisaname komanso ndisagwetse munthu.

Lolemba m'mawa, ana atapita, ndinaika pepala lija patebulo onse awiri ali pomwepo.

"Madamu, bambo, pepala ili andiwerengera. Sindingathe kusaina. Koma ndikupempha kuti ndilankhule ndi anthuwo ndekha, pakamwa, m'Chichewa."

Bambo a Tadala anaimirira. "Anti, mukudziwa chimene mukuchita? Aphungu akangomva mawu akuti pasipoti, basi zatha. Zaka zonsezi takhala nanu ngati mayi wathu, lero mukufuna mutiyalutse pamaso pa dziko?"

"Bambo, sindikufuna kuyalutsa munthu. Koma maliro aja sindinafike."

"Ndi zakalekale zimenezo!"

"Kwa inu ndi zakale, bambo."

A Dokotala anakankhira kapu yawo pambali. Kenaka anakoka pepala lija, analiwerenga mpaka pansi, n'kulipinda pakati. Anati, "Bambo a Tadala, asiyeni Anti. Ndinadziwa kuti mwalemba chiyani ndipo ndinakhala chete, kumeneko ndi kulakwa kwanga kwachiwiri. Zimene akanenezo zinachitika." Anatenga foni n'kuimbira mlembi wa komiti okha, kupempha tsiku loti ine ndilankhule.

Tsiku la komiti

Linali Lachinayi. Ndinavala bulauzi yoyera ndi duku ngati ndikupita kumsonkhano wa amayi kumpingo. A Dokotala anaika kompyuta patebulo lodyera, anandionetsa poyang'ana, ndipo wapampando wa komiti anawapempha kuti atuluke m'nyumbamo. Anatsikira pansi. Ndinatsala ndekha ndi nkhope za anthu okhala patebulo lalitali ku Lilongwe.

"Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Kwatentha?" anatero wapampandoyo, bambo wa imvi.

"Ndaswera bwino, kaya inu bwana. Kuno sikuzizira."

Anaseka, ndipo mantha anachepako. Anandifunsa dzina, kwathu, zaka zimene ndagwira. Kenaka anati, "Kalata imene tili nayo ikuti a Dokotala anasunga pasipoti yanu. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, bwana. Chaka ndi miyezi ingapo."

"Ndipo munalephera kukaika amuna anu?"

"Ndinalephera."

Ndinaona ena akulemba, ena akuyang'anana. Ndinafotokoza zonse za masiku anayi aja monga ndalembera pamwambapa, osachotsa, osawonjezera. Phungu wina wachinyamata, wa mawu okuthwa, anati, "Mayi, tisanapitirire. Inu mumadya m'nyumba imeneyo. Tidziwa bwanji kuti sanakuuzeni zonena? Simukuopa kuchotsedwa ntchito?" Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa pasipoti, kuionetsa pakamera. Ndinati, "Bwana, pasipoti yanga ndakhala ndikusunga ndekha zaka zisanu ndi zitatu, ndipo itatha ndinakatenga yatsopano ndekha. Nditafuna, mawa ndikwera ndege. Akanakhala kuti andiuza zonena, bwenzi mukumva kuti maliro ndinafika."

Ndiye mayi wina, phungu, amene anali asanalankhulepo, anasendera pafupi nati, "Amayi, ine ndifunse ngati mzimayi mnzanu. Mpando uwu ndi wa munthu wolangiza mmene tiphunzitsire ana amene adzagwire odwala athu. Mukanakhala inu pano, mukanawapatsa?"

Mawu amene ndinayankha sindinawakonzekere. Ndinati, "Mayi, amuna anga sanaphedwe ndi a Dokotala, anaphedwa ndi shuga. Chimene anandilanda ndi kutsanzikana, ndipo chimenecho sangandibwezere. Anayeza wodwala pafoni osamuona, ndipo anapeza yankho limene linkawakomera iwo sabata imeneyo. Ndi kulakwa, sindikuchepetsa. Koma ine ndakhala pamizere ya zipatala zambiri ndi malemu amuna anga aja, ndipo mawu akuti dikirani ndawamva kwa ambiri ovala zoyera. Ambiriwo sadziwa chimene chinachitika kwa munthu amene anamuuza kuti adikire. Awa akudziwa, chifukwa munthuyo amawapatsa tiyi m'mawa uliwonse. Ndawamva ndi makutu anga akuphunzitsa ana a eni kuti asamuuze wachibale kudikira asanaone wodwala. Ndawaona akukatenga mapasipoti a atsikana akwathu m'nyumba za anthu. Ine sukulu sindinapite patali, za khonsolo sindizidziwa. Koma mukandifunsa amene ndingafune kuti aphunzitse dokotala wodzaona mdzukulu wanga, ndisankha amene anapsapo ndi moto, chifukwa ndi amene amachenjeza mwana mochokera pansi pa mtima."

Wapampando anati, "Zikomo amayi, tamva. Tiitanireni a Dokotala." Atabwera anawafunsa ngati ali ndi chotsutsa pa zimene kalata ija inanena. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chili chotsegula. Ndinawamva akuti, "Ndilibe chotsutsa. Ndinalakwira Anti Eliza, ndinalakwiranso ntchito yanga."

Tinadikira masabata atatu. Anali masabata ovuta. Bambo a Tadala ankangondipatsa moni basi, nthabwala za chigwada zinatha. Ine ndinkagwira ntchito yanga, koma m'mawa uliwonse ndinkadzifunsa ngati ndagwetsa munthu amene ndinkafuna kumukweza. Chikwama changa ndinachitsitsa pamwamba pa kabati, kuti ngati zikanika ndisadikire kuuzidwa. Lachisanu lina masana a Dokotala anabwera msanga kuchokera kuntchito. Analowa kukhitchini osavula nsapato, n'kukhala pakampando kamene ndinkakhalira posenda mbatata. Anati, "Avomereza, Anti. Ena anakana, koma ambiri avomereza." Ndinagwada pomwepo pakati pa mbale, iwonso anagwada, n'kupemphera. Bambo a Tadala zinawatengera nthawi. Patatha mwezi wathunthu ndi pomwe anaima pakhomo la khitchini, akukanda m'mutu, nati, "Anti, kodi chigwada chija chinasiya kupezeka ku Satwa?" Ndinadziwa kuti kumeneko ndiye kupepesa kwawo, ndipo ndinalandira.

Chaka chomaliza

Ndinagwiranso chaka chimodzi. Mawondo anali atayamba kukana, Yankho anali atakula moti ankakwera basi yekha, ndiye ndinapempha kupuma. Amayi a ku Satwa anandikonzera mapemphero otsanzikana, telala wa pansi paja anandisokera diresi, ndipo che Jafali ndi amene ananyamula katundu wanga kupita kubwalo la ndege. Potsanzikana anati, "Chemwali, pasipoti muli nayo, kapena tibwerere tikatsegule sefa?" Tinaseka mpaka misozi, a Dokotala nawo.

Nditakhala kuno miyezi inayi, Loweruka lina m'mawa ndili kuseri kwa nyumba ndikusankha nyemba, ndinamva galimoto ikuima pamsewu. Iwe Madalitso ndiwe unabwera kudzandiuza kuti kwabwera mlendo. Anali a Dokotala, atachokera kumsonkhano wa khonsolo ku Lilongwe. Sanavale za ku Dubai. Anavala chitenje, mpango kumutu, ndipo anakana mpando umene unawapatsa. Anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula ngati mayi aliyense wa m'mudzi, n'kudikira kuti achibale a bambo anu asonkhane. Atasonkhana anawomba m'manja katatu nati, "Ine ndine Nangozo, amene ndinkagwira ndi Anti Eliza. Ndabwera kudzapepesa maliro a bambo a Chisomo. Ndachedwa zaka pafupifupi khumi. Amene anachititsa kuti mayiwa asafike tsiku loika ndine."

Alamu anga, akulu awo a bambo anu, anakweza mutu n'kuwayang'ana a Dokotala. Kenaka anati, "Mwachedwa, mayi, koma mwafika. Tiyeni mukaone pomwe agona." Anatitsogolera kumanda. Tinaima pamenepo, ine mbali iyi, iwo mbali iyo. Ndinawerama n'kutola kadothi, kuika pamanda paja, chinthu chimene sindinachite tsiku lija. A Dokotala anandiyang'ana ngati akupempha chilolezo. Ndinagwedeza mutu, nawonso anatola.

Pasipoti ija ili m'chikwama cha Baibulo langa, ngakhale ulendo wina sindikuuyembekezera. Ana anga, ndi inu nonse amene mudzawerenge izi, mukagwada muzikumbukira banja lathu lino, Chisomo ndi Madalitso, amene anaika bambo awo mayi ali kutali, pamodzi ndi ana awo. Muzikumbukiranso a Nangozo ndi bambo a Tadala, Tadala ndi Yankho, kuti pamene mayiyo akhala pampando uja polangiza za ana amene adzagwire odwala athu, asadzaiwale masiku anayi aja.